Mwana wanga akufuna kudzakhala pitcher: mkonowu udzamufikitsa pati?

Funso

Ndimakhala ku Indiana, ku America. Mwana wanga wamwamuna, wa zaka 14, amasewera baseball ngati pitcher, ndipo aphunzitsi ake akuti ali ndi mkono wabwino. Pano matimu awiri akumufuna: ya kusukulu ndi ina yoyendayenda imene imasewera pafupifupi chaka chonse. Ine masewerawa sindinakule nawo. Kodi moyo wa pitcher umayenda bwanji ikakhala kuti ndiyo ntchito yake? Ndamvanso makolo ena akuti kuli opaleshoni ya pachigongono imene imawonjezera liwiro la mpira. N'zoona?

Mayi wa ku Indiana

Yankho

Mayi, ndiyambe ndi funso lanu lomalizalo, poti ndi limene lingavulazitse mwana likapanda kuyankhidwa msanga. Si zoona. Palibe opaleshoni yowonjezera liwiro. Imene makolowo akunena imatchedwa Tommy John, ndipo ntchito yake ndi kukonza chigongono chimene chawonongeka kale. Mwini dzinalo, pitcher woyamba kuchitidwa opaleshoniyi, ndi wa komweko ku Indiana, anabadwira ku Terre Haute mu 1943, ndipo zambiri zimene mwafunsa zili m'mbiri yake ya pabwalo.

Poti tikuwerenga limodzi ndi ena amene baseball sanaionepo, ndinene kaye mwachidule ntchito yake. Pitcher amaima pa kamtunda ka dothi, kokwera masentimita 25, n'kumaponya mpira wolemera magalamu pafupifupi 145 kwa mnzake wowakha, amene amanyonyomala mamita 18.44 kutsogolo kwake. Pafupi ndi wowakhayo pamaima mdani atagwira ndodo yomenyera. Akaphonya kapena kulekerera mipira itatu yodutsa pamalo oyenera, watuluka. Pitcher akaponya inayi yolowera kumbali, womenyayo amapita mwaulere pa base yoyamba, malo oyamba oimapo mwa anayi amene amayenera kuzungulira kuti apeze chigoli. Atatu akatuluka matimu amasinthana, ndipo sewero limakhala ndi zigawo 9. Mu ligi yaikulu, Major League Baseball, mpira wolunjika wotchedwa fastball masiku ano umathamanga mamailosi pafupifupi 94 pa ola, omwe ndi makilomita 151, ndipo umafika kwa womenya theka la sekondi lisanathe. Aroldis Chapman wa ku Cuba anafika mamailosi 105.8 mu 2010.

Liwiro limenelo silichokera m'dzanja. Limayambira kumwendo wakumbuyo umene umakankha nthaka, limadutsa m'chiuno ndi pamsana, n'kukafika paphewa, mkono ndiye umangomalizitsa. Mukadzapita kukaonerera mwana wanu, mujambuleni ndi foni mutaima chakumbali, ndipo mukaimitse kanemayo kamphindi phazi lakutsogolo litaponda pansi. Mudzaona chifuwa chatembenukira kale kwa womenya, koma dzanja la mpira latsalira kumbuyo, mkono wagona chagada, kupindika kumene munthu sangakwanitse atangokhala pampando. Nthawi imeneyo mbali ya m'kati ya chigongono imakhala ikukanuka, ndipo chimene chimagwira mafupa kuti asalekane ndi kamtsempha kakafupi kamene madokotala amati UCL. Akatswiri a ku American Sports Medicine Institute, mumzinda wa Birmingham ku Alabama, anayeza mphamvu imene imagwera pamenepo munthu akaponya ndi nyonga zake zonse, ndipo anapeza kuti ili pafupi zedi ndi mlingo umene kamtsemphako kangaduke. Chimene chimakapulumutsa ndi minofu ya mkono, imene imasenzako gawo la katunduyo. Minofu ikatopa, katundu amatsalira kamtsempha kokha. Ndipo nthawi zambiri sikaduka tsiku limodzi ayi. Kamaperepeseka ngati chingwe cha pachitsime, ulusi uwu lero, wina mawa, mpaka tsiku limene ndowa yomweyo ya masiku onse idzachimalize.

Kwa Tommy John tsikulo linali 17 July 1974. Iye anali wamanzere, ndipo sankadziwika ndi liwiro. Chida chake chinali sinker, mpira umene umamira mwadzidzidzi ukamafika kwa womenya, moti amangougundira pansi, anzake a pitcher n'kutola. Analowa mu ligi yaikulu ndi timu ya Cleveland mu 1963 ali ndi zaka 20, anakhala zaka 7 ku Chicago White Sox, kenako anapita ku Los Angeles Dodgers. Chaka cha 1974 chinkamuyendera bwino kwabasi: pofika pakati pa July anali atapambana masewero 13, n'kugonja atatu okha. Tsikulo akusewera ndi Montreal Expos anaponya mpira umodzi umene unangolowera kwina, mkono n'kumveka ngati si wake. Anayesanso kamodzi, zinali chimodzimodzi, ndipo anatuluka m'bwalo.

Masiku amenewo kamtsemphaka kakaduka munthu ankangolongedza katundu wake. Koma Dr. Frank Jobe, dokotala wa timu ya Dodgers, anaganiza zoyesa chinthu chimene chinali chisanachitikepo pa chigongono cha pitcher. Pa 25 September 1974 anachotsa mtsempha wina pa mkono wamanja wa John, mtsempha umene munthu amakhala bwinobwino ngakhale palibe, anaboola timabowo m'mafupa a chigongono chamanzere, n'kuupisa m'timabowomo mopingasa kuti ugwire ntchito ya wodukawo. Jobe mwini wake ankawerengera kuti mwayi wobwerera pabwalo unali umodzi pa 100.

Makolo amene akukamba za opaleshoniyi amadumpha gawo lotsatirali. Mtsempha wotumiza mauthenga ku zala unapanikizika, dzanja linapindika, zala zina zinasiya kumva. Mu December chaka chomwecho anamubwezanso ku opaleshoni. Chaka chonse cha 1975 sanasewere. Munthu amene dzulo lake ankaoneredwa ndi anthu zikwizikwi ankamanga zala zofookazo ndi tepi ku zala zamphamvu kuti angogwira mpira, n'kumaponya kukhoma. Anabwerera mu 1976, ndipo anapambana 10 n'kugonja 10. Kuchokera apo zinayenda: 20 mu 1977, kenako ali ku New York Yankees 21 mu 1979 ndi 22 mu 1980. Anasewera mu World Series, ndime yomaliza ya mpikisano, katatu konse, mu 1977, 1978 ndi 1981. Anapuma mu 1989 ali ndi zaka 46, atasewera zaka 26 ndi kupambana masewero 288. Mwa amenewo, 164 anawapambana ndi chigongono chosokedwacho.

Taonani bwino, Mayi: sanabwerere ali woponya mwaliwiro kuposa kale. Anabwerera ali Tommy John yemwe uja, wodziwa kuika mpira pamene akufuna, wodziwa kuwerenga womenya, wosasowa kufinya mkono pa mpira uliwonse. Luso limenelo ndi limene linamusunga mpaka zaka 46. Nanga bwanji anthu amati ena amathamangitsa mpira kwambiri akachoka ku opaleshoni? Chifukwa choyamba n'chakuti asanapite kwa dokotala amakhala atatha miyezi akuponya ndi mkono wopweteka, liwiro litatsika kale, ndiye akachira amangobwerera pamene anali. Chachiwiri, amatha chaka chathunthu akulimbitsa miyendo, chiuno ndi phewa tsiku ndi tsiku, ntchito imene akanatha kuigwira popanda mpeni. Ndipo akakhala mnyamata wa zaka 16, chaka chimenecho amakhalanso akukula.

Lero opaleshoniyi yafala moti pafupifupi pitcher mmodzi mwa atatu alionse a mu ligi yaikulu ali ndi chipsera chake pachigongono. Kuchira kumatenga miyezi 12 mpaka 18, ndipo amene amabwerera pabwalo ndi anayi mwa asanu, kapena kuyandikira apo. Wachisanuyo sitimumvanso. Ena amabwerera koma osafika pamene anali, ena kamtsempha katsopanoko kamadukanso. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti kafukufuku wina wa zaka za 2007 mpaka 2011 anapeza kuti oposa theka la ochitidwa opaleshoniyi ku America anali achinyamata a zaka 15 mpaka 19. Tommy John mwini wake wakhala akudandaula poyera za zimenezi. Iye anavulala ali ndi zaka 31, atagwira kale ntchito zaka zoposa 10 mu ligi yaikulu. Ana a lero akuvulala asanalandireko ndi dola imodzi yomwe.

Kuti muone mmene mkono umalamulira ntchito yonseyi, ikani Sandy Koufax pambali pa John. Nayenso anali wamanzere, wa timu yomweyo ya Dodgers, ndipo pa luso anali patali kuposa John. Analandira mphoto ya Cy Young, ya pitcher wopambana onse, mu 1963, 1965 ndi 1966. Mu 1965 anatulutsa omenya 382 ndi mipira itatu itatu. Mu 1966 anapambana masewero 27. Chaka chomwecho analeka, ali ndi zaka 30 zokha, chifukwa cha nyamakazi ya pachigongono. Ankasewera ndi majekeseni ndi mankhwala opha ululu, akamaliza n'kuviika mkono m'madzi oundana, mpaka anaona kuti akapitiriza adzakhala wolumala mkono moyo wake wonse. Wina zaka 26, wina 12, ndipo amene analeka msangayo ndiye anali katswiri woposa.

Tsono njira yofikira kumeneko. Mnyamata wa ku America, Canada kapena Puerto Rico amalowa kudzera mu draft, masankho a chaka ndi chaka a mu July, pamene matimu 30 a ligi yaikulu amasinthana kutola osewera atsopano maulendo 20. Angatoledwe akangomaliza sekondale, apo ayi atachita zaka zitatu ku yunivesite. Wotoledwa koyambirira amalemera asanaponye n'kamodzi komwe: Paul Skenes, amene Pittsburgh Pirates inamutola woyamba mu 2023, anasainira madola 9.2 miliyoni. A kumapeto kwa mndandanda ena amasainira ndalama zosafika madola 10,000.

Ndipo kutoledwa si kufika. Pansi pa ligi yaikulu pali makwerero: Rookie, Single-A, High-A, Double-A ndi Triple-A. Ndi moyo wa m'timatauni tating'ono, wa m'mabasi oyenda usiku, wodzuka osadziwa ngati dzina lako likadali pa mndandanda. Mpaka 2022 wosewera wa Single-A ankatha kulandira madola 11,000 okha pa chaka. Osewerawa atalowa m'bungwe lowayimira, mgwirizano wa 2023 unakweza malipiro otsikitsitsa kufika pa 26,200 ku Single-A ndi 35,800 ku Triple-A. Inu amene mumalipira lendi kumeneko mukudziwa kutalika kwa ndalama imeneyo. Kwa zaka zambiri, mwa otoledwa amene anasaina, osakwana mmodzi mwa asanu ndi amene anapondako mu ligi yaikulu, ngakhale kwa tsiku limodzi.

Amene wafika amayambira pa malipiro abwino ndithu: otsikitsitsa anali madola 740,000 mu 2024. Koma malamulo ake ali ndi mbola kwa pitcher. Timu imakhala ndi ulamuliro pa wosewera kwa zaka 6 za mu ligi yaikulu, ndipo chaka chimawerengedwa akakwanitsa masiku 172 ali pa mndandanda. Zaka zitatu zoyamba amalandira zimene timu yafuna, bola zisatsike pa mlingo uja. Zitatu zotsatira angathe kukadandaula kwa oweruza apadera. Akamaliza zonse 6 m'pamene amamasuka kudzigulitsa kwa aliyense. Ndiye kuti zaka zimene mkono uli wanthete, wamphamvu, ndi zimene amalipidwa zochepa, ndipo ambiri amafika pa msika ali pafupi ndi zaka 30, mkono utayamba kale kudandaula. Ndalama zimene mumamva pa nkhani, monga madola 325 miliyoni a zaka 12 amene Yoshinobu Yamamoto anasainira ku Dodgers mu December 2023, kapena 324 miliyoni a zaka 9 a Gerrit Cole ku Yankees, ndi za anthu owerengeka. Cole yemweyo chaka chonse cha 2025 sanasewere chifukwa cha opaleshoni ya Tommy John.

Moyo wa ambiri ukufanana kwambiri ndi wa Tayler Scott, mnyamata wobadwira ku Johannesburg amene anasamukira ku Arizona akadali pa sekondale kuti akasewere baseball. Chicago Cubs inamutola mu 2011. Anatha zaka 8 akuzungulira m'makwerero a pansi aja, ndipo mu June 2019 m'pamene anaponya koyamba mu ligi yaikulu ndi Seattle Mariners, kukhala pitcher woyamba wobadwira ku South Africa kufika pamenepo. Chaka chomwecho anapezeka ali ku Baltimore. Kenako anakasewera ku Japan ndi timu ya Hiroshima, n'kubwerera ku America. Mu 2023 mokha anavala yunifolomu za matimu atatu. Chaka chake chabwino chinadza mu 2024 ku Houston Astros, ali ndi zaka 32. Ameneyu ndi munthu amene zinamuyendera, ndipo ine ndimamulemekeza kwambiri, koma onani kuchuluka kwa kusamuka, kuchotsedwa ndi kuyambiranso.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku imadalira mtundu wa pitcher. Timu imasewera masewero 162 pa chaka, kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa September, ndipo mwa osewera 26 a pa mndandanda, ma pitcher amafika 13. Asanu ndi oyambitsa sewero. Aliyense amaponya kamodzi pa masewero asanu, mipira yofika mpaka 100 kapena kuyandikira apo, ndiye kuti pa chaka amayambitsa masewero pafupifupi 32. Masiku anayi apakatiwo si opuma ayi: lotsatira sewero ndi la kuthamanga ndi kumasula thupi, kenako kunyamula zitsulo, tsiku lina kuponya mipira yochepa pambali pa bwalo mphunzitsi akuyang'ana, ndiponso kukhala pa kompyuta ndi wowakha kuphunzira omenya a timu ikubwerayo, uyu amakonda mpira wotani, amalephera wotani. Otsalawo ndi olowa m'malo. Iwo sadziwa tsiku lawo. Foni ikalira kumalo kwawo kodikirira, munthu amavula jekete n'kutenthetsa mkono m'mphindi zochepa chabe. Mariano Rivera wa ku Panama, mwana wa msodzi, anakhala zaka 19 ku Yankees, zambiri mwa izo akugwira ntchito yotseka sewero, ndipo anateteza chipambano cha timu yake m'masewero 652 modalira kwambiri mpira umodzi wotchedwa cutter. Omenya ankadziwa chimene chikubwera, koma ndodo zinkangothyoka.

Pali chinthu chimene chasintha kuchokera nthawi ya Tommy John, ndipo chikukhudza mwana wanu mwachindunji. John anaponya yekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza m'masewero 162. Masiku ano si kawirikawiri munthu kufika asanu pa chaka. Wina angaganize kuti poti akuponya pang'ono ndiye kuti akuvulala pang'ono, koma ayi, kuvulala kwachuluka. Pitcher wakale ankasunga mphamvu, n'kuzitulutsa zonse pokhapokha zinthu zikathina. Wa lero amauzidwa kuti apereke zonse pa mpira uliwonse, akatopa alowa wina. Pabwalo lililonse pali makina oyeza liwiro ndi kuzungulira kwa mpira, ndipo manambala amenewo ndi amene amapatsa munthu ntchito. Mu December 2024 Major League Baseball inatulutsa lipoti itafunsa akatswiri oposa 200, ndipo mfundo yaikulu inali yomweyi: kuthamangitsa liwiro ndi kupotoza mpira ndi mphamvu zonse ndiko kukuwononga mikono, ndipo chizolowezichi chatsikira mpaka kwa ana.

Stephen Strasburg ndi chitsanzo chimene chimandikhudza nthawi zonse. Anatoledwa woyamba mu 2009, ndipo pa sewero lake loyamba, pa 8 June 2010, anatulutsa omenya 14. Miyezi itatu isanathe kamtsempha kanaduka. Anachira, ndipo mu 2019 anathandiza Washington Nationals kutenga chikho, iye n'kusankhidwa wosewera bwino koposa mu World Series. Anasainira madola 245 miliyoni a zaka 7. Kuchokera pamenepo anaponya zigawo 31 zokha ndi kachidutswa, chifukwa mitsempha ya m'dzanja ndi ya pakati pa khosi ndi phewa inamuvuta, ndipo anapuma mu 2024. Inde alipo a liwiro amene anakhalitsa. Nolan Ryan anasewera zaka 27, ndipo Justin Verlander anachitidwa opaleshoni mu 2020 n'kudzatenga Cy Young mu 2022 ali ndi zaka 39. Koma thupi ngati la Ryan munthu sachita kulisankha. Chimene mwana angaphunzire ndi njira ya Greg Maddux, amene anapambana masewero 355 ndi kulunjika komanso kusinthasintha liwiro, kapena ya Jamie Moyer, amene anapambana sewero mu 2012 ali ndi zaka 49 ndi mpira umene ana ena a sekondale amauposa liwiro.

Tibwere kwa mnyamata wanu. Pa zaka 14 mafupa ake akadakula. M'kati mwa chigongono, pamene kamtsempha kaja kamamatira, pali kachigawo kanthete kamene fupa limakulira, ndipo mwa anyamata ambiri kamalimba cha m'ma zaka 15 mpaka 17. Pa msinkhu umenewu kachigawoka n'kofooka kuposa kamtsempha, ndiye mwana akaponya mopyola muyeso ndi pamenepo pamene pamatupa, nthawi zina kafupa n'kubenthuka. Kafukufuku wa ku Birmingham kuja anatsatira ana kwa zaka 10, ndipo anapeza kuti oponya zigawo zoposa 100 pa chaka ankavulala kwambiri kuwirikiza katatu ndi theka poyerekeza ndi anzawo. Kafukufuku wina wa komweko anapeza kuti oponya miyezi yoposa 8 pa chaka ankafika ku opaleshoni kuwirikiza kasanu, ndipo amene ankaponya kawirikawiri mkono uli wotopa, kuwirikiza ka 36.

N'chifukwa chake pa nkhani ya matimu awiri yankho langa ndi lakuti ayi. Asaponyere matimu awiri nthawi imodzi. Malangizo a Pitch Smart, amene Major League Baseball ndi USA Baseball anatulutsa mu 2014, amanena zomwezo, ndipo ali ndi manambala amene ndikupempha kuti muwalembe pa pepala n'kumata pa fuliji. Wa zaka 13 ndi 14 asapyole mipira 95 pa tsiku. Akaponya 21 mpaka 35 apume tsiku limodzi, 36 mpaka 50 masiku awiri, 51 mpaka 65 atatu, ndipo kuyambira 66 kupita m'tsogolo anayi. Asaponye masiku atatu otsatizana, asaponye masewero awiri tsiku limodzi, asapyole zigawo 100 pa miyezi 12, ndipo pa chaka apume miyezi inayi osaponya, iwiri kapena itatu mwa imeneyo ikhale yotsatizana. Asakhalenso wowakha pa masiku amene sakuponya, poti wowakha amabweza mpira uliwonse ndi mkono womwewo.

Vuto la matimu awiri n'lakuti aliyense amawerenga zake. Kuyambira 2017 masukulu a sekondale ku America ali ndi malamulo owerengera mipira, koma mphunzitsi wa kusukulu sadziwa zimene zinachitika Loweruka ku mpikisano wa timu yoyendayenda, ndipo wa timu yoyendayenda sadziwa za Lachinayi kusukulu. Onse awiri angakhale anthu abwino, okonda mwana wanu, koma amene angaphatikize manambalawo ndinu nokha. Simukusowa kudziwa baseball kuti muchite zimenezi. Kagulireni kabuku kakang'ono, muzikhala pa benchi n'kumalemba kamzere pa mpira uliwonse umene waponya, ndi tsiku lake.

Nyengo yozizira ya ku Indiana ndi mwayi wanu. Chipale chikagwa mabwalo amatsekedwa, ndipo kale imeneyo ndiyo inali nthawi yopumitsa mikono. Tommy John ali pa sekondale ku Terre Haute ankasewera basketball m'miyezi imeneyo, ndipo anali katswiri ndithu. Lero kuli nyumba zophunzitsiramo zofunda bwino, za makina oyeza liwiro ndi mipira yolemera kuposa ya masiku onse, zimene zimalonjeza kuwonjezera mamailosi angapo m'masabata ochepa. Kwa mwana amene mafupa ake sanakhwime, ine sindivomereza mipira yolemerayo. Asewere basketball, asambire, athamange, alimbitse miyendo ndi chiuno. Pa kaponyedwe aphunzire kulunjika fastball pamene akufuna, kenako changeup, mpira umene mkono umayenda ngati wa fastball koma umafika mochedwa. Woponya mipira iwiri imeneyi molunjika ali ndi maziko okwanira pa msinkhu wake. Za anthu osaka luso musade nazo nkhawa panopa. Manambala a mwana wa zaka 14 sapatsa munthu ntchito. Amene amayang'anidwa ndi a zaka 17 ndi 18, ndipo kuti mwana akafike kumeneko ali bwino ayenera kukhala ndi chigongono chonse. Sukulu nayo aigwiritse, chifukwa kwa ambiri phindu lenileni la mkono wabwino ndi malo ku koleji.

Chomaliza ndi ululu, ndipo apa mukhale tcheru chifukwa anyamata amabisa. Amaopa kuchotsedwa pa mndandanda, amaopa kuoneka ofooka, ndiye mukamufunsa kuti "mkono uli bwanji?" adzangoti uli bwino. Muziyang'ana nokha. Kodi akumagwedeza mkono kapena kusisita chigongono akaponya? Kodi mipira yayamba kukwera m'mwamba, iye amene amalunjika bwino? Akatambasula mikono yonse iwiri kutsogolo, kodi woponyerawo ukuwongoka mofanana ndi unzake? Mufunseni ngati kachala kakang'ono ndi chinzake choyandikana nacho zimachita dzanzi. Kuwawa kwa minofu ya pamsana, ya m'ntchafu kapena ya kumbuyo kwa phewa tsiku lotsatira sewero n'kwachibadwa, ndipo kumatha m'masiku awiri. Koma ululu wa mbali ya m'kati ya chigongono, pa kafupa kotukuka kaja, si woti n'kupirira. Asiye kuponya tsiku lomwelo, musamupatse mankhwala opha ululu kuti akamalize mpikisano, ndipo mupite naye kwa dokotala wa mafupa wodziwa za ochita masewera. Kawirikawiri amajambula zigongono zonse ziwiri kuti afanizire kachigawo kokulira kaja. Vutoli likagwidwa msanga, mankhwala ake nthawi zambiri amakhala masabata angapo osaponya, kenako kubwerera pang'onopang'ono motsatira ndondomeko imene dokotalayo angakupatseni.

Musanavomere timu yoyendayendayo, kakumaneni ndi mphunzitsi wake muli ndi kabuku kanu m'manja. Mufunseni ngati amatsatira manambala a Pitch Smart, amene amawerenga mipira pa sewero ndani, ndiponso ngati angalole kuti mwana wanu azisewera malo ena, monga chakumapeto kwa bwalo kapena pa base yoyamba, m'miyezi imene akuponyera timu ya kusukulu. Muwauzenso miyezi imene mwasankha kuti mwana apume, kuyambira November mpaka January mwachitsanzo. Akavomera zonsezi mosavuta, mwana angalowe. Akayamba kukuuzani kuti mwana wanu ndi wolimba ndipo manambalawo ndi a ana ena, musiyeni asewere ya kusukulu yokha chaka chino.